Mtima m'Kambale

Pamene mtolankhani wachitsikana ankakankha chitseko cha labotale, anapeza mkulu wina wa imvi akuvina pakati pa matebulo, chovala choyera chikukupiza uku ndi uku.

Mtsikanayo anaima chilili, kope lili m'manja. Anali atangotha miyezi itatu pa ntchito, ndipo m'mawa womwewo mkonzi anamuuza kuti akabwerako chimanjamanja akayambe kufuna ntchito kwina. Pulofesa wofufuza za mtima amene anamutumako ankatchuka ndi kukana atolankhani. Foni sankayankha, ndipo panalibe nyuzipepala imene inali ndi chithunzi chake.

Mtsikanayo anatchula dzina la banja limene linalembedwa pachitseko.

"Ndine amene!" anafuula mkuluyo. "Lowa, mwanawe, wafika tsiku labwino. Bwera udzaone maselo anga!"

Anamukokera pa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Pansi pake panali kambale kagalasi kokhala ndi timadzi tofiirira. Mtsikanayo anasuzumira. Poyamba ankangoona nkhungu. Kenako kachigamba kotuwa kanafinyika, n'kumasuka. Kanafinyikanso, n'kumasukanso, popanda wokakhudza.

"Mayo ine! Kakugunda!"

"Kayamba lero m'mawa," anatero mkuluyo akuomba m'manja. "Miyezi inayi yapitayo limeneli linali khungu la pamkono, kachidutswa kosafika ndi chikhadabo chomwe. Limabwezedwa m'mbuyo mpaka liiwale kuti linali khungu, likhale ngati khanda losadziwa ntchito iliyonse. Ndiye kumalinyengerera tsiku ndi tsiku kuti iwe, khala mtima. Lero lamvera!"

Cholembera cha mtsikanayo chinkathamanga ngati chikuthamangitsidwa. Anthu ankati munthu ameneyu ndi wouma pakamwa, koma taonani, nkhani ikungokhuthuka yokha!

"Zatenga nthawi yaitali bwanji, bambo?"

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Maselo ankafa Lolemba, ankafa Lachisanu, ankafa ngakhale pa tchuthi. Chaka china firiji inazima, ntchito ya zaka zitatu inathera m'bini. Kunyumba kwathu kunali ngati kwagwa maliro. Achibale ankati zisiyeni izi, tsegulani chipatala mudye bwino ngati anzanu. Ine ndinati ayi, pano sitichoka."

Anadziguguda pachifuwa.

"Zonsezi n'chifukwa cha mtima wangawu. Unayamba kutupa kalekale. Madokotala ankangondisinthira mapiritsi, awa akakana, yesani awa. Ena anatsala pang'ono kundipha. Tsopano mankhwala aziyamba ayesedwa m'kambalemu. Akavomera muno ndiye abwere kwa ine, komanso kwa anzanga onse opuma movutikira."

Anayambanso kuvina, ulendo uno akuzungulira mpando.

"Khalani pansi, mwavina mokwanira," anatero mayi wina ali pakona.

Mtsikanayo anali asanamuone. Anali mayi wa zaka zopitirira makumi anayi, tsitsi atalimanga ndi kalabala, magolovesi m'manja, akudonthezera timadzi m'timbale tina. Maso ake anali ofiira ngati wangolira kumene.

"Ameneyu ndi wovuta," mkuluyo ananong'ona mokweza. "Amandilamula ngati ine ndi mwana."

"Mapiritsi a masana mwamwa?"

"Waona? Ndimanena zomwezi!"

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira tebulo. Komabe anaona kuti wothandizira ameneyu akapitiriza, amuonongera mwayi.

"Pepani mayi, tili pa ntchito pang'ono," anatero mwaulemu. "Koma poti muli pompano, tatijambulaniko. Mudine apa. Muonetsetse kuti makinawa aoneke."

Mayiyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana mkulu uja. Anavula magolovesi pang'onopang'ono, n'kulandira foni. Anajambula katatu, milomo ikunjenjemera ngati akubisa chinachake. Mkuluyo anatulutsa chifuwa, dzanja lili pa maikulosikopu, mano onse panja.

Mtsikanayo analanda foniyo n'kutumiza chithunzi kwa mkonzi pamodzi ndi mizere isanu. Sipanathe mphindi ziwiri, yankho linabwera m'zilembo zikuluzikulu: TSAMBA LOYAMBA. USACHOKE POMWEPO.

Mtsikanayo anakuwa. Tsamba loyamba! Iye amene mpaka dzulo ankangolemba za mipope yophulika! Anaona kale mayi ake akuyenda ndi nyuzipepala khomo ndi khomo. Anaponya kope patebulo, n'kugwira manja a mkuluyo, awiriwo n'kuyamba kuzungulira, wina akuimba nyimbo yopanda mutu, wina akuvomera. Mayi uja anasuntha timbale take kuti tingagwe, kenako nayenso analephera kupirira, anaseka mpaka misozi.

Chitseko chinatseguka. Mlembi wa ofesi anasuzumira, mafayilo ali kukhwapa.

"A Pulofesa, akuluakulu a yunivesite amva. Onse ali m'chipinda chamisonkhano, akuti mubwere msanga."

Mtsikanayo anapatuka kuti mkuluyo adutse. Koma mkuluyo anadziponya pampando, akupuma wefuwefu, n'kuyamba kudzipepesera mphepo ndi kope lija.

"Auzeni ndikubwera," anayankha mayi uja akusamba m'manja. Ali pakhomo anacheuka. "Ababa, musakhudze chilichonse mpaka ndibwere."

Mkuluyo anaona nkhope ya mtsikanayo, n'kudabwa.

"Bwanji, mwanawe? Ine ndine telala. Khungu lokhalo ndiye langa, mutu ndi wa mwana wangayo."