Mwendo wa ba Blackson

Jombo yakumanzere inakana kuvuka. Ba Blackson anakoka, anapuma, anakokanso. Anali pa benchi pakhonde, madzi a mvula ya ku Kanyama akuzungulira nyumba ngati dambo.

Nkole anakhala pa njerwa, mapazi atatu kuchokera pa benchiyo. Linali tsiku lake loyamba kuonekera kwa ba Blackson, bambo a Luse, mtsikana amene ankafuna kumukwatira. Luse anali atamulangiza asanalowe m'nyumba kukakapa madzi: usawayandikire, usawakhudze, ndipo za kusukulu kwako kwa zachipatala uzisiye m'thumba. Adadi sakonda anyamata odziwadziwa.

Mkamwini sayang'ana apongozi m'maso. Choncho Nkole anayang'ana mwendo.

Unali wotupa. Jombo inali itakungika ngati chikopa cha ng'oma. Mwendo umodzi wokha, winawo uli bwinobwino. Nkole anayang'anitsitsa. Zimenezi anali atazilemba pa mayeso sabata yatha yomwe.

Thirombini. Kanthu ka m'magazi kosaoneka ndi maso. Mtsempha ukavulala, iko kamaluka tiulusi, magazi n'kuundana, bala n'kutsekeka. Komweko kamathandizanso kuitana kutupa. Koma kakachita changu mkati mwa mtsempha wa mwendo, chibuluma cha magazi chimakula mwakachetechete. Tsiku lina chimathothoka. Ulendo wa ku mapapo. Munthu n'kugwa ali pakati pa nkhani.

"Atate," anatero Nkole, maso ali pansi, "mwendo unayamba liti kuvimba?"

"Mvula ikangoyamba. Chaka chilichonse."

"Ubaba? Mumvela kuwawa?"

"Uyu? Sumvela kanthu. Olo muutchaye na nyundo."

Za nyundozi sizinali m'buku la Nkole. Ndiye kuti zinthu zafika poipa kuposa buku.

"Nanga mumachita nawo bwanji?"

"Nimauyanika pa zuba. Ukakana, ni kwa ba Chishimba ku Kalingalinga. Bali na visulo vao."

Dzuwa. Zitsulo. Nkole anaona m'maganizo kachipinda ka mdima, lumo ladzimbiri, sing'anga akutema mphini pamwamba penipeni pa chibulumacho. Ba Blackson anagwiranso jombo, n'kuyamba kuigwedeza mwamphamvu.

"Osagwedeza!" anakuwa Nkole.

Mawuwo anamveka mpaka pa kantemba ka tomato. M'nyumba chidebe cha Luse chinaleka kulira. Ukwati wapita, anaganiza Nkole. Upite. Bola munthu akhale moyo.

Anagwada m'madzi, buluku latsopano likumwa matope. Anafotokoza zonse: thirombini, tiulusi, mapapo. Anajambula mtsempha m'mwamba ndi chala. Anati alipira yekha takisi, kapena awabereka kumsana mpaka pa msewu, mwambo ukhululuke.

"Uyu mwendo ukapanda kufika ku chipatala lelo, atate, Luse azavala vakuda."

Ba Blackson anasiya jombo.

"Lelo lomwe?"

"Manje manje."

"Luse!" anaitana. "Uyu muntu wako akamba maningi. Koma m'matika wagwada, nisaname."

Anapinda buluku mpaka pa bondo. Anamasula lamba mmodzi, kenako wachiwiri. Anaika m'manja mwa Nkole mwendo wonse, jombo ili komweko: thabwa la paini, lolemera ndi madzi, sitampa ya kalipentala Chishimba ili pa katumba.

"Thamangani nawo, ba dokota. Mukabwela tikambe va ukwati."