Upile Akwera Phiri ku Italy

"Upile, tsika msanga!" a Medson anakuwa pa foni. Magalimoto anali atathithikana pamsewu wa ku Kitengela, yawo itaima pafupi ndi wogulitsa chimanga chootcha.

Mwana wawoyo, yemwe amaphunzira m'katauni kena kumpoto kwa Italy, ankawaonetsa pa vidiyo kanjira kokwera phiri, phompho lili pambali pake.

"Musaope adadi. Kuno timakwera mapiri pongofuna kusangalala."

A Medson ali mwana ankapita kusukulu wapansi m'mapiri a ku Namwera, ndipo analumbira kuti mwana wawo sadzaziona zimenezo.

Patatha ola, foni inaliranso.

"Ndafika pamwamba! Inu mwafika kunyumba?"

A Medson anasuzumira pawindo. Wogulitsa chimanga uja anali pomwepo, akukupizabe moto wake.