Bokosi Lopepuka

Nyundo inayambanso kulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo a Sailesi analavula malovu. Mkamwini wawo Crimildo ankakhoma bokosi losungiramo zida. Bokosi la zida, munthu amene anabwera pa Mualadzi ndi thalauza limodzi ndi foni yosweka galasi. Ngakhale nyundo imene inkasokosayo inali yobwereka kwa iwo.

Mmisiri pamudzipo anali a Sailesi. Zida zawo zinkagona m'chibokosi cha mlombwa chimene anakhoma atangobwerera kuchokera ku Malawi kothawa nkhondo, choti amuna awiri ankachita kubuula pochinyamula. Akalawa kachasu ankachimenya ndi chikhato n'kumati bokosi la munthu wokhazikika ndi limeneli, osati tizitini ta anthu oyendayenda. Akalawanso ankanena zambiri, mudzi wonse n'kumamva, ndipo dzina la akazi awo, a Albertina, silinkasowa m'zotukwanazo. Kachasuyo ankasinthitsa ndi chimanga cha m'nkhokwe, chochokera m'munda umene a Albertina anasiyiridwa ndi mayi awo. Kwawo ku Nsadzo ankangokutchula podzitama, kuti kumeneko ndiye kumabadwa amuna.

Tsono taonani ntchito ya mkamwini. Anayamba kujambula pansi ndi kamtengo ngati mwana wa sukulu, kenako n'kudula makatoni. Chitsulo chake chinali aluminiyamu, chitsulo cha kukhitchini, chofewa choti chimapindika ndi bondo. Anang'amba chipoto chachikulu, kuchiwongola pachipika, kupinda ngodya pachidutswa cha sipuling'i ya galimoto, n'kumangirira ndi timisomali todula kuwaya. Chogwirira anakulunga ndi mphira.

Chipotocho ndi chimene a Albertina ankawatenthetseramo amuna awo madzi osamba. A Sailesi atadandaula kuti akusamba ozizira ngati mbeta, mayiwo anangoti poto ali pa ntchito. Masiku amenewo sankalimbananso nawo, ndipo a Sailesi anaona kuti mkazi uja tsopano wadziwa malo ake.

Chimene chinkawaseketsa kwambiri chinali kubwereka. Crimildo ankagwada chapatali, monga achitira mkamwini, n'kupempha sizasi yodulira malata. Sankaidulira kanthu. Ankaigoneka pakatoni, kuizunguliza ndi khala, n'kuibweza. Mawa pulayala, mkuja tupa, kenako macheka. Chida chilichonse ankachikonzera kachipinda kake m'bokosimo.

"Kumanga khola mbuzi ulibe," anatero a Sailesi mokweza, kuti mwana wawo Tânia amve bwino mtundu wa mwamuna amene anawabweretsera. Tânia anawerama, maso ali psuu, n'kulowa m'nyumba.

Nzeru zinawabwerera tsiku limene anamupeza mnyamatayo akuyeza kaliyala ya njinga yawo ndi luzi. Bokosi lopepuka, la chogwirira, lokwana pakaliyala. Anakumbukiranso kuti a Hezekiya, mlongo wa a Albertina, mwini mbumba yonse ya pamudzipo, anali atachulutsa maulendo, ndipo ankanong'onezana ndi mlongo wawoyo pansi pa mango. Maso ofiira a Tânia aja anawamvetsa tsopano. Nkhani inali poyera: mkamwini akupirikitsidwa, ndipo akudzikhomera yekha chonyamulira umphawi wake.

A Sailesi anakondwa zedi. Paja akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Munthu wobwera amadya za eni, amagona pa dothi la eni, ndiye eni akatopa amangomuonetsa njira. Zimenezi anazinena pamowa, anazinenanso pachigayo, mpaka pakhomo pa tchalitchi itatha misa.

Kuti ntchito isachedwe, anayamba kuthandiza. Anamuponyera mahinjesi awiri akale. Anamuuza monyodola kuti apinde milomo ya lata kawiri, ingadule zala za mwini wake panjira. Crimildo anawomba m'manja, nathokoza apongozi, osawayang'ana kumaso. Ulemu wa galu wogwidwa ndi mazira, anaganiza motero a Sailesi. Njinga anati abwereketsa mosavuta, bola munthuyo achoke, ndipo anamata okha chubu chakumbuyo n'kupopa matayala onse mpaka gwa.

Loweruka m'mawa anadzuka mutu ukulemera, n'kupeza anthu atakhala kale pansi pa mango: a Hezekiya pampando, ankhoswe pambali pawo, a Albertina ndi Tânia pamphasa. Njinga inali itatsamira pamtengo, bokosi lili mbee pakaliyala, lomangidwa ndi mphira. Crimildo anaima patali, manja kumbuyo.

A Sailesi anayenda modzikoka, akukonza kolala. Mlandu ngati uwu sankafuna kuti uthe iwo asanaikepo mawu. Bokosilo, kunena zoona, linali litakhala bwino, ngodya zowongoka, chivundikiro chotseka mosavuta, koma zimenezo sakanazivomera ngakhale atawakolowola lilime.

"Tiyeni tione chuma chimene akutisiyira misozi mkamwiniyu," anatero, akumasula mphira. Palibe anaseka. Iwo anaseka okha, nakweza chivundikiro kuti aliyense aone mphepo imene inali m'katimo.

Sizasi, pulayala, tupa, macheka, nyundo, zida zawo zonse zinali gone, chilichonse m'kachipinda kake, ndipo pamwamba panali malaya awo a kutchalitchi opindidwa bwino.

"Ndinakhometsa ndine, bambo a Tânia," anatero a Albertina osakweza mawu. "Lamlombwa lija simukanafika nalo ku Nsadzo."