Kaseti ya a Sumani

Amuna anga, a Sumani, anamwalira mu Malichi 2023. Pa sadaka ya arubaini, yokumbukira malemu patatha masiku makumi anayi, alamu anga anaponya pamoto kaseti ya amuna angawo ya piyano yopanda mawu, imene tinkamvera limodzi kuyambira 1984. Anati nyimbo zimamulemetsa munthu m'manda.

Mu Julayi, eda yanga, nthawi yobindikira ya mkazi wamasiye, itatha, ndinakwera kabaza wa njinga yakapalasa usiku kukagula mankhwala ku Nkopola. Tili m'njira, piyano ija inayamba kulira chapansipansi. Itafika pakati inadumpha, pamalo pomwe ndinalumikiza tepi ndi kyuteksi itaduka.

"Achimwene, nyimboyi mwaipeza kuti?" ndinafunsa wakabaza.

"Ine ndimayesa ndi foni yanu, mayi."

Foni ndinali nditaisiya kunyumba.

Titayandikira manda, nyimbo inatisiya n'kukhotera m'kanjira kolowera kumeneko. Pamene anagona amuna anga sindinapaonepo, poti kwathu akazi sitifika kumanda.

"Imani," ndinatero.

"Akazi salowa uko, mayi," anayankha wakabaza, akupalasa mwamphamvu.

Ndinatsika njinga ikuyenda. Mumdimamo nyimbo inali itachepetsa liwiro, monga ankachitira a Sumani ndikatsalira m'mbuyo.