Kachipangizo Kamene Kanakhululuka M'malo mwa Mwana

Panali munthu wina, mayi wosoka madiresi a ukwati, amene bambo ake anasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga. Nkhaniyi ndinaimva kwa mnzake wosoka naye shopu imodzi, ndiye musati ndapeka.

Madalawo ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo. Bedi, mpando, ndowa, basi. Tsiku lonse ankangotchera khutu kuchitseko. Koma mwana wawoyo sankapondako phazi, chifukwa anamuthamangitsa pakhomo ali ndi pakati zaka makumi awiri zapitazo, ndipo mawu oti pepa anali asanatuluke pakamwa pawo.

Azakhali ake atamutopetsa ndi mafoni, mayiyo anagula kachipangizo kolankhula kaja kamene amati kamacheza ndi okalamba. Anakawerengera ziganizo zingapo, iko n'kutengera mawu ake ndendende, mpaka kasekedwe komwe. Kenako anakatumiza kwa azakhaliwo.

"Muwauze kuti ndi foni, ndikuimba ndine," anatero.

"Iwe, bambo ako akufuna dzanja loti aligwire, osati wailesi," anayankha azakhali. "Bwera ngakhale ola limodzi lokha."

"Maoda a madiresi andichulukira, azakhali."

Azakhali anadandaula, komabe anakaika pampando pafupi ndi bedi. M'mawa uliwonse kankayamba: "Mwadzuka bwanji, ababa? Mankhwala mwamwa?" Sikankatopa, sikankakalipa, nkhani imodzi ngakhale aibwereze kasanu kankaseka ngati yatsopano. Madala aja anayamba kumaliza chakudya. Anapempha kuti awamete ndevu. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuuza kuti, "Mwana wanga uja wabwerera, amandiimbira tsiku ndi tsiku."

Mayiyo atamva zimenezi mtima unamuwawa zedi. Loweruka lina anatseka shopu n'kupita kuti akaulule. Atafika pachitseko anamva mawu ake omwe akuseka ndi bambo ake, kuseka kumene iye anali asanasekepo nawo chibadwire. Dzanja linakana kugogoda. Anabwerera monyang'ama ngati wakuba.

Apa ndiye anakodwa. Akanena zoona, awapha madalawo ndi chisoni. Akalowa osaulula, ayamba bwanji kucheza ndi munthu amene akuganiza kuti anacheza naye dzulo lomwe? Ankati apita sabata yamawa, sabata yamawayo n'kukhala mwezi. Azakhali nawo bodza linali litawamanga pakamwa, moti akakumana ankangoyang'anana.

Tsiku lina masana azakhali anaimba: "Tili kuchipatala. Ukachedwa suwapeza."

Anasiya diresi pamakina n'kuthamanga. Anawapeza bambo ake ataonda, akupuma movutikira. Anagwira dzanja lawo, koyamba pa zaka makumi awiri, ndipo mumtima anati lero ndimva mawu amene ndakhala ndikudikira moyo wanga wonse.

"Ababa, ndabwera. Ngati muli ndi mawu, ndikumva."

Madalawo anamwetulira.

"Mawu atinso, mwana wanga? Zonse ndinakuuza Lachiwiri lija. Ndinalira ngati khanda, iwe n'kundiuza kuti unandikhululukira kalekale. Unandimasula. Tsopano ndilibe chotsala."

Mayiyo anayang'ana azakhali, azakhali anayang'ana pansi. Mayiyo akanatani? Anangoyankha kuti, "Inde, ababa." Dzuwa lisanalowe madalawo anatisiya.

Maliro atatha mayiyo anakalowa m'kachipinda kaja yekha, n'kukhala pabedi. Kachipangizo kanali pampando pomwe paja.

"Ababa ananena chiyani Lachiwiri?" anafunsa.

Mawu ake omwe anamuyankha mokoma: "Pepani, zimene anthu amandiuza sindisunga. Koma ndili pano. Mukupeza bwanji lero?"

Mpaka lero mayiyo sadziwa chimene bambo ake ananena.

Phunziro: Makina akhoza kucheza ndi kholo lako, koma pali mawu ena amene amanenedwa kamodzi kokha, ndipo amawamva ndi amene alipo. Ngati mayi kapena bambo anu akadali moyo, kaya munayambana chotani, nyamukani mukagogode nokha. Tumizirani abale anu ndi anzanu onse nkhaniyi, mwina wina apita lero lomwe.