Envulopu ya a Furtado

Kachitatu sabata imeneyo, a Furtado adakwera masitepe achitsulo apanja, envulopu ili kukhwapa. Mayi Ghislaine Robitaille adawaonera pakatani n'kuzimitsa wailesi.

Zaka zisanu ndi ziwiri akuchita lendi m'nyumba yapamwambayi ku Verdun, mumzinda wa Montreal, landilodi wawoyu sadakonzepo kanthu osakumbutsidwa katatu. Mpope wa kukhitchini udadontha chaka chathunthu. Koma taonani Novembala uno: mkulu wa mawondo olirawo akulawirira ndi fosholo kuchotsa chipale chofewa pamasitepe a mayiwa, kuwazapo mchere kuti pasaterere, mpaka kusiya supu ya kabichi pakhomo. Ukoma mtima wadzidzidziwu udawachititsa nthumanzi. Komanso panali mayi wina wa chikhoti chofiira, amene adabwera kawiri kudzajambula denga ndi kuwerenga mazenera.

"Mayi Robitaille, ndamva mukuzimitsa wailesi. Tsegulani."

Adatsegula pang'ono, tcheni chili chikokere.

"Lero mwatenga chiyani, a Furtado? Supu kapena msampha?"

"Kungosaina basi, mayi. Za pangano lathu la lendili."

"Pangano langa limatha pa 30 Juni, ndipo ndikakhala chete limapitirira lokha chaka china. Musandione ngati ndabwera dzulo."

"Eya, chaka chimodzi. Koma pepala ili..."

A Furtado adachokera ku Portugal kalekale, koma Chifalansa amachilankhulabe mochita kufunafuna mawu. Mayi Robitaille analibe nthawi yowadikira.

"Pepala ngati lomwelo ndi limene mnzanga Réjeanne anamusainitsa landilodi wake. Pano akugona pa sofa kwa mwana wake ku Longueuil. Ine ayi!"

"Lachisanu ndiye tsiku lomaliza, mayi. Chonde, ingowerengani."

"Ndiye Loweruka mudzapumula."

Chitseko phwa!

Ku bungwe la anthu a lendi adawalangiza kuti asamasaine chilichonse pakhomo asanachimvetse. Mayiwo adawonjezapo lamulo lawolawo: osawerenga n'komwe, chifukwa munthu ukawerenga umayamba kufewa. Envulopu italowa pansi pa chitseko, adaikankhira kunja ndi tsache. Mantha anali nawo, osabisa. Ndi malipiro a ku fakitale yochapa zovala, nyumba ina ya zipinda zinayi akadaipeza kuti mu Montreal wa masiku ano?

Lachisanu lidadutsa zii. Masitepe sadalire. Loweruka chipale chofewa chidagwa, ndipo palibe adabwera ndi fosholo.

"Waona! Chikondi chatha," adatero Mayi Robitaille, akuseka okha pazenera. Adaimbira foni Réjeanne kumuuza mmene amachitira ndi malandilodi.

Lolemba m'mawa kudamveka kugogoda. Pakhomo padaima mayi wa chikhoti chofiira, kalata ili m'manja.

"Ndine Solange Archambault. Nyumbayi ndagula Lachisanu. Pangano lanu likatha mu Juni, muno mulowa bambo anga. Lamulo limandilola, ndipo chidziwitso chanu ndi ichi."

"A Furtado ali kuti?"

"Akulongedza, akupita ku nyumba ya okalamba." Mayiyo adamwetulira mwaulemu. "Kunena zoona, ndinali nditataya kale mtima. Anandiuza kuti asanagulitse akusainitsani pangano la zaka zisanu, pa mtengo womwewu, kuti ndisathe kukusunthani. Akuti munakana katatu konse."