Owerenga Atatu

"Achimwene, anzanu olemba nawo aja ali kuti?" Eneles anafunsa atapeza Kondie akudina foni kuseri kwa fakitale ya tiyi.

Kwa miyezi inayi Kondie ankalemba yekhayekha tsamba la pa intaneti, lija aliyense amaloledwa kukonza, lofotokoza mmene munthu amadzinamizira zoona zikatsutsana ndi zimene amakhulupirira. Anapempha aphunzitsi a ku Thuchila kuti athandizane, anapemphanso anzake a kusekondale. Palibe anawonjezerapo ngakhale liwu limodzi.

Mlongo wakeyo anasuzumira pafonipo. "Akuti owerenga mwezi uno ndi atatu. Si inu nomwe, katatu?"

Kondie anayang'anitsitsa nambalayo.

"Iwe sudziwa kanthu," anayankha motsitsa mawu. "Anthu sakonza chinthu chimene chili bwino kale."